KOMPYUTA IKAKANA KUONETSA PA WAILESI YA KANEMA

Pa Tsiku la Makolo la teremu yatha ndidachita manyazi amene sindidzawaiwala msanga. Ine ndi anzanga awiri a m'komiti ya zachisangalalo tidapatsidwa ntchito yoonetsa makolo zithunzi za moyo wathu pano pa seminale: za kudimba, za kukhola la nkhumba, za mpira, za kwaya ndi za m'kalasi. Tidatha milungu itatu tikusonkhanitsa zithunzizo ndi kuziika m'ndondomeko yake pa kompyuta. Koma sitidaganize zokayeserera pa wailesi ya kanema ya m'holo tsikulo lisanafike.

Pofika 2 koloko masana holo idali itadzaza. Amayi anga adali pa benchi yachitatu. Iwo adanyamuka kumudzi m'bandakucha n'kukwera maminibasi awiri kuti afike kuno. Ndidalumikiza zingwe n'kuyatsa zonse, koma pagalasi la TV padangotuluka kabokosi koyendayenda kolembedwa kuti No Signal. Tidazula, tidalowetsanso, tidazimitsa, tidayatsanso, koma osaphula kanthu. Wina adati kompyuta ili ndi vairasi, wina adati TV yapsa, winanso adayamba kuuzira mpweya m'mabowo. Akwaya adaimba nyimbo zinayi potidikira. Itakwana 3 koloko Bambo Mkulu wa seminale adaimirira n'kupepesa, popeza makolo ambiri amayenera kukapeza galimoto dzuwa lisanapendeke. Potsanzikana amayi adangoti, "Usadandaule mwanawe, tidzaona ulendo wina." Koma ine ndimadziwa ndalama zimene ulendo umodzi umawadyera.

Loweruka lotsatira Bambo amene amatiphunzitsa Fizikisi adatiitana atatufe kuholo komweko. Tidapita mitima ili m'mwamba poyesa kuti tikukadzudzulidwa. M'malo mwake iwo adatenga choko n'kujambula mabokosi atatu pabolodi: kompyuta, chingwe ndi TV. Tsono adati, "Anyamata inu, chithunzi chili ngati munthu wa paulendo. Chimanyamuka apa, chimadzera apa, n'kukafika apa. Chikapanda kufika, ntchito yanu ndi kufufuza pamene chaima."

Zimene tidaphunzira tsiku limenelo, pamodzi ndi zimene ndakhala ndikuyesa m'chipinda cha makompyuta, ndi zimene ndalemba pano. Ndalembera anzanga aseminale, popeza patchuthi ndife timaitanidwa kuti, "Tabwera iwe wa kusekondale, utikonzere ichi." Ndalemberanso ansembe athu amene amaonetsa zithunzi ndi makanema m'maparishi, komanso makolo amene ali ndi zipangizozi pakhomo.

MALAMULO AWIRI

Lamulo loyamba ndi lakuti muziyamba ndi chinthu chapafupi ndi chotsika mtengo. Njinga ikaphwa, munthu sayamba wagula tayala latsopano asanaone ngati vavu yamasuka. Chimodzimodzi apa. Onani switchi ya pakhoma, rimoti ndi chingwe musanayambe kukayikira za m'kati mwa kompyuta.

Lamulo lachiwiri ndi lomwe lija timaphunzira mu labotale: sinthani chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, kenaka dikirani muone chimene chachitika. Ife tsiku lija tidali anthu atatu, manja asanu ndi limodzi, wina akudina rimoti, wina akuzula chingwe, wina akuyatsanso kompyuta. Ngakhale tikadalasa penipeni sitikadadziwa, chifukwa TV imafuna masekondi angapo kuti izindikire chimene chalumikizidwa. Paja akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

WERENGANI ZIMENE GALASI LIKUKUUZANI

Musanagwire chilichonse, yang'anani galasi la TV, pakuti nthawi zambiri limanena lokha pamene pali vuto.

1. Ngati galasi lili bii, popanda ngakhale chilembo chimodzi mukadina Menu pa rimoti, vuto lili pa magetsi kapena pa TV yeniyeniyo.
2. Ngati palembedwa No Signal, TV ili moyo koma pa bowo limene ikuyang'ana sipakubwera kanthu.
3. Ngati palembedwa Mode Not Supported, Invalid Format kapena Out of Range, kondwerani pang'ono. Chithunzi chafika ndithu, koma chabwera mu msinkhu umene TV singathe kuulandira.
4. Ngati pakuoneka chithunzi cha kumbuyo cha kompyuta chokha, popanda zimene mwatsegula, zonse zili bwino. Changotsala n'kuiuza kompyuta m'mene igawire zithunzi.
5. Ngati chithunzi chilipo koma mawu palibe, limenelo ndi vuto lina, ndipo tilikamba kumapeto.

GAWO LOYAMBA: MAGETSI NDI RIMOTI

Onani ngati kanyali kakang'ono ka kutsogolo kwa TV kayaka. Ngati sikadayake, yesani soketi ina, ndipo ngati pali ekisitenshoni, iyeseni ndi chinthu china monga tchaja ya foni. Mapulagi athu a mano atatu ali ndi fyuzi m'kati, ndipo fyuziyo ikapsa TV imangokhala duu ngati yafa. Kumbukiraninso mabatire a rimoti. TV zambiri zili ndi mabatani akeake kumbali, kunsi kapena kumbuyo, amene mungagwiritse ntchito rimoti ikakana.

Kenaka pezani batani lolembedwa Source kapena Input. Pa marimoti ena palibe mawu koma kachizindikiro ka bokosi lokhala ndi muvi wolowa m'kati. TV ili ngati nyumba ya zitseko zambiri yokhala ndi mlonda mmodzi, ndipo mlondayo amaima pa chitseko chimodzi chokha. Mlendo akagogoda pa HDMI 2 pamene mlonda ali pa HDMI 1, adzagogoda mpaka kucha. Choncho suzumirani kumbuyo kwa TV, werengani dzina ndi nambala ya bowo limene mwalowetsamo chingwe, ndipo sankhani dzina lomwelo pa rimoti. Mukasankha werengani pang'onopang'ono mpaka 10 musanadinenso china.

GAWO LACHIWIRI: DZIWANI ZINGWE ZANU

Zingwe zonyamula chithunzi zilipo za mitundu ingapo, ndipo ndi bwino kuzidziwa ndi maso.

VGA ndi chija cha mutu wabuluu, chokhala ndi timano 15 m'mizere itatu ndi tizomangira tiwiri m'mbali. Chidayamba ndi kampani ya IBM m'chaka cha 1987. Chimanyamula chithunzi chokha, mawu ayi. Mitundu itatu, wofiira, wobiriwira ndi wabuluu, uliwonse umayenda pa dzino lakelake. N'chifukwa chake dzino limodzi likapindika chithunzi chimasintha mtundu: wofiira ukasowa, nkhope za anthu zimaoneka zobiriwira mosakanikirana ndi buluu. Pa TV bowo la VGA limalembedwa PC, PC IN kapena RGB.

HDMI ndi chija cha mutu wopyapyala, wa timano 19 tobisika m'kati. Malamulo ake oyamba adatuluka mu December 2002, atagwirizana makampani asanu ndi awiri, ena mwa iwo Sony, Philips ndi Toshiba. Chimanyamula chithunzi ndi mawu pamodzi. Ngati kompyuta ndi TV zonse zili ndi bowo limeneli, musavutike ndi njira ina.

DisplayPort, ya m'chaka cha 2006, imafanana ndi HDMI mukaiona patali, koma ngodya yake imodzi yokha ndiyo yodulidwa. Imapezeka kwambiri pa makompyuta a m'maofesi. Musakakamize chingwe cha HDMI m'bowo limeneli, mudzathyola timano.

USB-C ndi kabowo kakang'ono kozungulira m'mbali, konga ka mafoni ambiri a masiku ano. Kadayamba m'chaka cha 2014. Chenjerani, si bowo lililonse la USB-C limene limatulutsa chithunzi. Ena ndi otchajira ndi kusamutsira mafayilo basi. Amene amatulutsa chithunzi kawirikawiri amakhala ndi kachizindikiro ka mphezi kapena ka chilembo D pambali pake.

Pomaliza pali zingwe zitatu zija za ma TV akale a chimsana: chachikasu cha chithunzi, chofiira ndi choyera za mawu. Kompyuta singalankhule ndi TV yotere popanda kabokosi kapadera kosinthira, ndipo ngakhale mutakapeza, zilembo zing'onozing'ono zimaoneka mwachimbuuzi.

Mukadziwa mtundu wa chingwe chanu, chizuleni mbali zonse ziwiri, yang'anani timano pa kuwala, ndipo chilowetseninso mpaka chifike. Chingwe cha HDMI chilibe zomangira, motero chimasololoka mosavuta TV ikasunthidwa. Ngati palibe kusintha, yesani bowo lina la pa TV, osaiwala kusinthanso Source. Njira yabwino yoyesera chingwe ndi kuchilumikiza ku chinthu chimene mukudziwa kuti chimagwira ntchito, monga dikoda. Dikoda ikaonetsa kudzera pa chingwe chomwecho ndi bowo lomwelo, ndiye kuti chingwe ndi TV zilibe mlandu, ndipo maso anu atembenukire ku kompyuta. Dziwaninso kuti zingwe zazitali kwambiri, zopitirira mamita 10, nthawi zina zimafooketsa chithunzi mpaka chimaphethiraphethira kapena kusoweratu. Poyesa gwiritsani ntchito chachifupi.

Pa kompyuta ya patebulo pali msampha wina. Zina zili ndi mabowo a chithunzi m'malo awiri: ena kumtunda pafupi ndi mabowo a USB, ena kunsi pa khadi lapadera la zithunzi. Khadi likakhalapo, kawirikawiri mabowo akumtunda amakhala otseka. Lowetsani chingwe kunsi.

GAWO LACHITATU: ADAPUTA, PAMENE IFE TIDAGWERA

Tsopano ndiulule chimene chidatichititsa manyazi. Laputopu imene timagwiritsa ntchito masiku onse idali itapita ndi eni ake kumsonkhano, ndipo tidabwereka ina yakale yokhala ndi bowo la VGA lokha. Mnzanga adathamangira ku chipinda cha makompyuta n'kubwera ndi kaadaputa koyera kamene timalumikizira purojekitala. Mbali ina kadali ndi mutu wa HDMI, mbali ina bowo la VGA. Tidalowetsa mutu wa HDMI mu TV, chingwe cha VGA ku laputopu, ndipo zonse zidalowana bwinobwino. Ndani akadakayika?

Bambo adakanyamula kaadaputako n'kundipatsa. "Tawerenga zimene zalembedwa apa." Ndidawerenga tizilembo tating'ono: HDMI to VGA. Iwo adafunsa, "Nanga chithunzi chako chimachokera kuti, kupita kuti?" Ndidayankha chapansipansi kuti, "Chimachokera ku VGA kupita ku HDMI, Bambo." Apo m'pamene ndidazindikira kuti tidakayendetsa chobwerera m'mbuyo.

Chifukwa chake n'chakuti VGA ndi HDMI zimalankhula zinenero ziwiri zosiyana. VGA imatumiza chithunzi ngati mafunde a magetsi okwera ndi kutsika, njira imene imatchedwa analogi. HDMI imatumiza manambala, 0 ndi 1, njira ya dijito. M'kati mwa adaputa muli kachipangizo kamene kamasandutsa njira ina kukhala inzake, koma kamagwira ntchito mbali imodzi yokha. Chigayo chimasandutsa chimanga kukhala ufa, koma simungathiremo ufa kuti mutuluke chimanga.

Motero pogula kapena pobwereka adaputa, dzina loyamba likhale la bowo la pa kompyuta, lachiwiri la bowo la pa TV. Ife timafunika VGA to HDMI. Adaputa ya mtundu umenewu kawirikawiri imakhala ndi tizingwe tina tiwiri: ka USB kotengera magetsi ndi kena kolowetsa m'bowo la mahedifoni kotengera mawu. Mukaiwala ka USB, sigwira ntchito.

Koma nkhani sidathere pamenepo. Bambo adatiuza kuti titembenuze TV ija, imene chiikireni idayang'anitsa msana kukhoma. Titapukuta fumbi tidapeza bowo labuluu lolembedwa PC IN. Tidalowetsa chingwe cha VGA mwachindunji popanda adaputa, n'kusankha PC pa rimoti. Nkhumba zathu zidatulukira pagalasi nthawi yomweyo. Palibe amene adaseka.

GAWO LACHINAYI: IUZENI KOMPYUTA

Nthawi zina zingwe zonse zimakhala bwino koma kompyuta sidauzidwe kuti itumize chithunzi kunja. Pa Windows, kuyambira Windows 7 ya m'chaka cha 2009, gwirani batani lokhala ndi chizindikiro cha zenera n'kudina P. Patuluka zosankha zinayi:

PC screen only: chithunzi pa kompyuta pokha.
Duplicate: chimene chili pa kompyuta chionekenso pa TV.
Extend: TV ikhale ngati tebulo lachiwiri loikidwa pambali pa loyamba.
Second screen only: chithunzi pa TV pokha.

Poonetsa anthu zithunzi sankhani Duplicate. Extend ndi imene imasokoneza ambiri, chifukwa pa TV pamangooneka chithunzi cha kumbuyo chopanda kanthu, ndipo kamuvi ka mausi kamasowa mukakakankhira kumbali. Sikadasowe ayi, kawolokera ku TV. Mukasankha Second screen only ndipo magalasi onse awiri n'kuda, musachite mantha. Zulani chingwe, chithunzi chibwerera pa laputopu.

Malaputopu ambiri alinso ndi batani lake la ntchito yomweyi pa mzere wapamwamba wa kiyibodi, lokhala ndi kachithunzi ka galasi. Pa ena ndi F4, pa ena F7 kapena F8, ndipo limadinidwa pamodzi ndi Fn.

Ngati TV sikuonekabe, dinani batani lakumanja la mausi pamalo opanda kanthu, sankhani Display settings, ndipo pansi pa Multiple displays dinani Detect. Pakaoneka mabokosi awiri olembedwa 1 ndi 2, kompyuta yaiona TV. Pakakhala limodzi, bwererani ku zingwe.

GAWO LACHISANU: MSINKHU WA CHITHUNZI

Chimene chidandisangalatsa kwambiri pa phunziro lonse n'chakuti kompyuta ndi TV zimapatsana moni zisanayambe ntchito. Mukalowetsa chingwe cha HDMI, kompyuta imatumiza magetsi ochepa a mavoti 5 pa dzino la nambala 18, ndipo TV imayankha pa dzino la nambala 19 kuti ilipo. Kenaka kompyuta imawerenga kakalata kosungidwa mu TV, kotchedwa EDID, kamene kamanena dzina la TV ndi misinkhu ya zithunzi imene ingalandire. Moni ameneyu akasokonekera, kompyuta imatha kutumiza chithunzi chosayenera kapena kusatumiza konse.

Mankhwala ake ndi kuyambitsanso moniyo. Zimitsani zonse ziwiri, zulani TV kukhoma kwa mphindi imodzi, lumikizani chingwe, yatsani TV poyamba n'kusankha Source yoyenera, ndipo kompyuta muiyatse pomalizira.

Chithunzi cha pagalasi chimapangidwa ndi timadontho tambirimbiri. Tikamati 1920 x 1080 tikutanthauza timadontho 1,920 chopingasa ndi 1,080 chotsika, tonse pamodzi 2,073,600. TV zambiri zing'onozing'ono zili ndi 1366 x 768 basi. Mukaona Mode Not Supported, pitani ku Display settings, dinani bokosi la nambala 2, ndipo pa Display resolution sankhani msinkhu wochepa: 1280 x 720 pa HDMI, kapena 1024 x 768 pa VGA. Chithunzi chikaoneka, kwezani pang'onopang'ono mpaka mupeze pamene chikuoneka bwino. Onaninso pa Advanced display kuti liwiro losinthira chithunzi lili pa 60 Hz, ndiye kuti ka 60 pa sekondi imodzi, pakuti TV zambiri sizilandira liwiro loposa pamenepa.

Ngati chithunzi chadulidwa m'mphepete mwakuti mzere wapansi wa Windows sukuoneka, konzani pa TV osati pa kompyuta. Pitani ku Picture Size kapena Aspect Ratio. Pa TV za LG sankhani Just Scan, pa za Samsung Screen Fit kapena Fit to Screen.

GAWO LACHISANU NDI CHIMODZI: DALAIVALA

Zonsezi zikakanika m'pamene timayang'ana m'kati mwa kompyuta. Muli pulogalamu yotchedwa dalaivala, imene ili ngati womasulira pakati pa Windows ndi kachipangizo kopanga zithunzi. Pa Windows 10 ndi 11 mungathe kuidzutsa podina mabatani anayi pamodzi: Windows, Ctrl, Shift ndi B. Galasi limaphethira kamodzi n'kubwerera.

Ngati sizidathandize, tsegulani Device Manager n'kuyang'ana pa Display adapters. Mukapezapo dzina ngati Intel, AMD kapena NVIDIA, dalaivala ilipo. Mukapezapo Microsoft Basic Display Adapter, ndiye kuti dalaivala yeniyeni palibe, ndipo kawirikawiri kompyuta yotere sitha kuonetsa pa galasi lachiwiri. Izi zimachitika kwambiri pa makompyuta amene angoikidwa Windows yatsopano. Apa pamafunika intaneti, ndipo ngati kompyuta si yanu, pemphani kaye chilolezo kwa eni ake.

Kuyesa komaliza ndi kutenga kompyuta yomweyo n'kukailumikiza ku TV ina kapena ku purojekitala ndi chingwe chimene mwachiyesa kale. Ikakananso kumeneko, mwina bowo lake lidaonongeka, ndipo imeneyo ndi ntchito ya amisiri.

NANGA MAWU?

Pa HDMI, dinani kachizindikiro ka sipika pansi kudzanja lamanja ndipo sankhani dzina la TV pa mndandanda wa zotulutsira mawu. Onaninso kuti Mute sidadinidwe pa rimoti kapena pa kompyuta. Pa VGA, monga ndanena kale, mawu sadutsa. Pamafunika chingwe china chaching'ono cha mamilimita 3.5, chochokera m'bowo la mahedifoni kupita ku bowo la Audio In limene limakhala pafupi ndi PC IN, kapena kupita ku masipika a m'holo.

CHENJEZO

Chithunzi si chinthu choti munthu n'kutayirapo moyo. Magetsi a m'nyumba zathu kuno ku Malawi ndi a mavoti 230. Musagwire mapulagi ndi manja onyowa, ndipo lekani chizolowezi chija chotokosa bowo lapamwamba la soketi ndi kamtengo kapena bolopeni kuti mulowetse pulagi ya mano awiri. Dzino lachitatu ndi limene limatayira magetsi pansi pakachitika ngozi. Mukamva kunyerenyetsa pogwira chitsulo cha chingwe kapena cha kompyuta, zimitsani zonse pakhoma ndi kuitana wodziwa za magetsi.

Musatsegule TV kumbuyo. Zakale zija za chimsana zimagwira ntchito ndi mavoti oposa 20,000 m'kati, ndipo zimasunga magetsi ngakhale zitazulidwa kukhoma. Zatsopanonso zili ndi tizipangizo tosunga magetsi timene tingakuvulazeni.

M'nyengo ya mvula, kukayamba ziphaliwali, zulani pulagi, chingwe cha mlongoti kapena cha dishi, ndi chingwe chopita ku kompyuta. Mphamvu ya mphezi ikalowa pa chingwe chimodzi imatha kudutsa n'kuotcha zonse zimene zalumikizana.

KONZEKANI KUSANACHE

Phunziro lalikulu limene ndidatolapo ndi lakuti tikadayesa dzulo lake, vuto lonse likadatha m'mphindi zisanu popanda munthu wotiyang'ana. Tsopano komiti yathu imayesa zipangizo masiku awiri mwambo usanafike, m'chipinda chomwecho, ndi kompyuta yomweyo, ndi zingwe zomwezo. Timasunganso zithunzi pa fulashi, chifukwa TV zambiri zimatha kuonetsa zithunzi za JPG kuchokera pa bowo lake la USB popanda kompyuta n'komwe. Kumbuyo kwa TV ya m'holo tidamatako pepala lolembedwa ndondomeko yonseyi: magetsi, Source, chingwe, adaputa, Windows ndi P, msinkhu wa chithunzi, dalaivala, mawu.

Pa tsiku lotsekera teremu Bambo Mkulu adatilola kuonetsa zithunzi zija kwa makolo amene adabwera kudzatenga ana awo. Adali ochepa poyerekeza ndi a tsiku lija, ndipo amayi anga padalibe, pakuti ndalama ya ulendo wachiwiri sidapezeke. Ndidatenga zithunzizo pa fulashi. Patchuthi tidapita kwa aphunzitsi ena a pasukulu ya pulaimale ya kwathu amene ali ndi TV ya sola, ndipo kumeneko amayi adandiona nditasenza ndowa ya manyowa kudimba. Adaseka mpaka misozi, n'kunena kuti, "Kodi kusukuluko umagwira ntchito chonchi? Nanga kuno umakaniranji?"

MAFUNSO OTI MUYESE

1. TV yalemba Mode Not Supported. Kodi chingwe chili ndi mlandu? Fotokozani.
2. Laputopu ili ndi bowo la HDMI lokha ndipo purojekitala ili ndi la VGA lokha. Mugula adaputa yolembedwa chiyani?
3. Pa TV pakuoneka chithunzi cha kumbuyo chokha ndipo kamuvi ka mausi kasowa. Mudina mabatani ati, ndipo musankha chiyani?
4. Galasi la 1366 x 768 lili ndi timadontho tingati tonse pamodzi?

Amene apeze mayankho onse anayi adzationetse ife a komiti ya zachisangalalo Loweruka madzulo kanema asanayambe. Tikufuna anyamata awiri a Fomu 1 kapena Fomu 2 oti tiwaphunzitse ntchitoyi ife tisanachoke.

Wolemba ndi wophunzira wa Fomu 3